Reformer Pilates: kodi makina a masipuling'i aja angathandize msana wanga?

Funso: Ndine mayi wa zaka 46, ndipo ntchito yanga ndi yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Msana wam'munsi umandiwawa, osati kwambiri, koma pofika masana umakhala utauma. Ndakhala ndikuona mavidiyo a anthu atagona pa makina ena ataliatali akukoka zingwe, akuti ndi reformer Pilates. Kodi n'chiyani kwenikweni, ndipo zikusiyana bwanji ndi yoga kapena Pilates ya pamphasa? Munthu amene sindinalowepo mu jimu ndingayambe? Ndisabise, ndikufunanso mimba itaphwako.

Yankho: Amayi, mungayambe. Ambiri mwa anthu amene ndimawaphunzitsa anafika ali ngati inu nomwe, sanalowepo mu jimu, msana ukuuma chifukwa cha mpando. Koma ndikufuna mukapite mukudziwa chimene makinawa amachita ndi chimene sachita, chifukwa mavidiyo mwaonawo nthawi zambiri amaonetsa anthu amene achita masewerawa kwa zaka, akupanga zinthu zimene woyamba kumene sayenera n'komwe kuziyesa. Za mimba ndiyankha kutsogoloku mosapita m'mbali. Tiyambe taona makinawo.

Reformer ndi chimango cha matabwa kapena chachitsulo chotalika kupitirira mamita awiri. M'kati mwake muli njanji ziwiri, ndipo panjanjipo pamayenda thabwa lokutidwa ndi siponji, lokhala ndi timawilo kunsi kwake. Aphunzitsi amalitchula kuti carriage. Mukagonapo chagada, mutu umakhala pa kamtsamiro, mapewa amatsamira tizipilala tiwiri tofewa tokutchingani kuti musatsetsereke, mapazi amaponda chitsulo chopingasa cha kumiyendo. Kumutu kuli zingwe ziwiri zodutsa pa timawilo, zokhala ndi malamba olowetsamo manja kapena mapazi. Ndiye kunsi kwa thabwalo, cha kumiyendo, kuli masipuling'i olumikiza thabwa ndi chimango. Makina a mtundu wakale amakhala ndi masipuling'i anayi olimba mofanana. Ambiri a masiku ano amakhala ndi asanu olimba mosiyanasiyana, ndipo amawapaka utoto kuti muziwasiyanitsa, ngakhale sipuling'i yofiira ya kampani ina silimba mofanana ndi yofiira ya kampani inzake. Mulibe injini, safuna magetsi. Woyendetsa thabwalo ndinu.

Nkhani yonse yagona pa masipuling'iwo, choncho mundilole ndikhalitsepo. Chitsulo cha makilogalamu 5 cha mu jimu chimalemera chimodzimodzi kuyambira pochinyamula mpaka pochitula. Sipuling'i siili choncho. Ikamayamba kutambasuka imakhala yofewa, ndipo imanka ilimbiralimbira mukamaikoka. Ndiye mukagona pathabwa mawondo atapindika n'kuyamba kukankha chitsulo cha kumapazi, poyambira pamapepuka, nthawi imene bondo lili lopinda ndipo silifuna kupanikizidwa, kenako mphamvu imafunika kwambiri miyendo ikatsala pang'ono kuwongoka. Mukafika kumeneko ntchito siinathe. Sipuling'i ikufuna kubwerera, ndipo ikufuna kubwerera msanga. Mukangoilekerera, thabwa limathamanga n'kukamenya chimango kuti gu! Phindu lalikulu la reformer lili pobwererapa. Minofu imene inakankha ija iyenera kuligwira thabwalo, kumalilola pang'onopang'ono mpaka lifike popanda phokoso, mmene mumatsekera chitseko cha chipinda chimene mwagoneka khanda. Pamenepo mnofu umakhala ukugwira ntchito uku ukutambasuka, ndipo ndi mphamvu yomweyi imene thupi limadalira potsika masitepe kapena pokhala pampando osadzigwetsa.

Ndikamuika munthu pa reformer koyamba, ndimaima cha kumapazi kwake n'kumayang'ana. Amaponda chitsulo ndi zala, kenako ndi pakati pa phazi, kenako ndi zidendene, kukankha ndi kubwerera maulendo ngati 10 pa kapondedwe kalikonse. Kwa wodutsa zimaoneka zachibwana. Koma m'mphindi zochepa zomwezo thupi limaulula zambiri. Wina bondo lakumanzere limagwera m'kati nthawi iliyonse akamakankha. Wina chiuno chimapendekeka chifukwa mwendo umodzi ndi umene ukugwira ntchito yonse, winawo ukungoperekeza. Wina amakanirira ndi mapewa pa tizipilala tija, nsagwada zitalumana, mpweya ataugwira mpaka nkhope kusintha. Mwini wake sadziwa, chifukwa thupi lake lakhala likuyenda choncho kwa zaka zambirimbiri. Akagona pathabwa loyenda, zobisika zija zimaonekera: thabwa limayenda modukizadukiza, chingwe chimodzi chimakhwepa chinzake chitakungika, pobwerera pamamveka kugunda. Ichi n'chimene ndimawakondera makinawa. Sindifunika kulankhula zambiri. Munthu amamva yekha pamene zalakwika, ndipo akakonza amamvanso yekha kuti tsopano thabwa layenda mosalala.

Pali china chimene chimadabwitsa oyamba kumene. Amaganiza kuti masipuling'i akachuluka ndiye kuti masewera avuta, akachepa apepuka. Pokankha ndi miyendo mutagona, n'zoona. Koma pali masewera ena amene zinthu zimatembenuka. Taganizirani amene amatchedwa long stretch: manja agwira chitsulo chija, mapazi aponda pathabwa atatsamira tizipilala, nkhope yayang'ana pansi, thupi lonse lawongoka m'malere kuyambira mutu mpaka zidendene. Masipuling'i akakhala olimba amaligwira thabwa kuti lisathawe, n'kumakuthandizani pobwerera. Mphunzitsi akawachotsa n'kusiya imodzi yofewa, thabwa limafuna kuthawira kumbuyo ndi mapazi anu, ndipo chotsala kuti mulibweze ndi minofu ya pamimba ndi ya m'mapewa basi. N'chifukwa chake simuyenera kusintha masipuling'i nokha pongoonera amene ali pafupi nanu. Ndipo mphunzitsi akakuwonjezerani sipuling'i, nthawi zina sakukuwonjezerani ntchito, akukutetezani.

Sipuling'i yomweyo imene imalimbana nanu imathanso kukunyamulani, ndipo apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni ndi Pilates ya pamphasa. Pamphasa, mukagona chagada n'kukweza miyendo yonse iwiri, kulemera kwake konse kumagwera minofu ya pamimba. Ikakhala yofooka msana umapindika n'kuchoka pansi, khosi limakungika, munthu amadzuka akumva kuwawa malo olakwika. Pa reformer mumalowetsa mapazi m'malamba, zingwe n'kunyamula gawo la kulemera kwa miyendoyo, inu n'kumaizunguza momasuka, msana uli phee. Ambiri amaganiza kuti mphasa ndi ya oyamba kumene, makina ndi a akatswiri. Ine ndimaona kuti kwa munthu wofooka pamimba, wonenepa, kapena amene amavutika kukhala pansi ndi kudzuka, reformer ndi imene imakhala poyambira pabwino, pakuti mphasa siikuthandizani kunyamula chilichonse.

Amene anayambitsa zonsezi ndi Joseph Pilates, yemwe anabadwira ku Mönchengladbach m'dziko la Germany mu 1883. Anapita ku England nkhondo yoyamba ya padziko lonse isanayambe, ndipo itayamba anatsekeredwa pamodzi ndi anthu ena ochokera ku Germany, n'kukasungidwa pa chilumba cha Isle of Man. Kumeneko ankaphunzitsa anzake a mumsasa masewera olimbitsa thupi, ndipo ophunzira ake a m'mbuyo mwake ankasimba kuti maganizo ogwiritsa ntchito masipuling'i anayambira pothandiza odwala amene sankatha kudzuka pabedi. Cha m'ma 1926 anasamukira ku New York, kumene iye ndi mkazi wake Clara anatsegula situdiyo pa msewu wa Eighth Avenue. Njira yakeyo ankaitchula kuti Contrology, ndipo makinawa ankawatchula kuti Universal Reformer. Anapanganso ena, monga Cadillac ndi Wunda Chair, amene mungawaone m'masitudiyo akuluakulu. Akatswiri a zovinavina George Balanchine ndi Martha Graham ankatumiza ovina awo kwa iye, makamaka akavulala, ndipo kuyambira pamenepo masewerawa anayamba kuoneka ngati a anthu ochepa thupi, ofewa mafupa. Si mmene zinalili. Mwini wakeyo ankachitapo masewera a nkhonya, ndipo ankaphunzitsa amuna ndi akazi omwe, athanzi ndi ovulala omwe. Mu 1945 anatulutsa buku lakuti Return to Life Through Contrology, mmene muli masewera 34 a pamphasa. Anamwalira mu 1967 ali ndi zaka 83.

Za yoga sinditaya nthawi. Yoga inachokera ku India, mizu yake ndi yakale kwambiri, ndipo imaphatikiza kaimidwe ka thupi, kapumidwe ndi kusinkhasinkha. M'makalasi ambiri mumakhala pa kaimidwe kamodzi kwa kanthawi. Pilates ndi ya m'zaka za m'ma 1900, ilibe chiphunzitso chauzimu, ndipo thupi limakhala likuyenda pafupifupi nthawi yonse, kubwereza kambiri ayi, koma mosamala.

Tsopano tibwere ku msana wanuwo. M'kalasi mudzamva aphunzitsi akutchulatchula core kapena powerhouse. Sakunena minofu ya pamwamba ija imene imaonekera pamimba pa anthu othamanga. Akunena yam'kati. Pali mnofu wotchedwa transversus abdominis umene umazungulira mimba yonse kuchokera chakumsana. Pali timinofu ting'onoting'ono totchedwa multifidus tolumikiza mafupa a msana, fupa ndi fupa linzake. Pansi pali minofu ya m'chiuno imene imagwira chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, ndipo pamwamba pali mnofu waukulu wopumira umene uli kunsi kwa mapapo. Zinayizi zikamagwira ntchito mogwirizana, msana umakhala ndi pogwira mukamanyamula katundu, mukamawerama kapena mukamatembenuka. N'chifukwa chake kapumidwe kamatenga malo aakulu. Mumakoka mpweya kuti nthiti zifufume cham'mbali ndi chakumbuyo, ndipo potulutsa mpweya pamimba pamakungika pokha, pang'ono, popanda kukoka mchombo mwamphamvu mpaka kulephera kupuma. Anthu ambiri amaganiza kuti kulimbitsa mimba ndi kuiumitsa gwa. Ayi. Muyenera kutha kulankhula uku mukuchita.

Mungayese usiku uno pansi m'nyumba mwanu. Gonani chagada, pindani mawondo, mapazi aponde pansi. Ikani zikhatho pa mafupa awiri a chiuno otulukira kutsogolowa. Pansi pa msana wam'munsi pakhale kampata kakang'ono kachibadwa. Musaukanikizire pansi msanawo, musaukwezenso. Tulutsani mpweya, ndipo pomwepo nyamulani phazi limodzi mpaka bondo lifike pamwamba pa chiuno. Funso n'lakuti: kodi mafupa ali m'zikhatho mwanuwo agwedezeka? Ambiri amapeza kuti chiuno chapendekera mbali ina, kapena mimba yatumphuka, kapena msana wachoka pansi. Tsitsani phazilo pang'onopang'ono, yesani linzake. Kusuntha mwendo chiuno chili chikhalire, imeneyo ndiye ntchito imene reformer imaphunzitsa mobwerezabwereza, mutagona, mutagwada, mutakhala, kenako mutaimirira.

Kalasi imatenga mphindi 45 mpaka ola limodzi. Nthawi zambiri imayamba ndi kukankha ndi mapazi kuja, kenako kukweza chiuno pang'onopang'ono, fupa limodzilimodzi la msana likuchoka pathabwa, kenako kukoka zingwe ndi manja mutagona, kuzunguza miyendo mapazi ali m'malamba, masewera ogwada, ndi ena okhala pa bokosi limene amaliika pathabwa. Odziwika kwambiri ndi otchedwa Hundred. Mutu ndi mapewa mwadzutsa, miyendo ili m'mwamba, manja awongoka m'mbali mwa thupi atagwira malamba, ndiye mumawagwedeza kukwera ndi kutsika: kasanu mukukoka mpweya, kasanu mukutulutsa, maulendo 10, zonse pamodzi 100. Woyamba kumene sayenera kufika 100 tsiku loyamba. Angathe kusiya mutu pamtsamiro, mawondo atapinda, n'kulekera pa 30 kapena 40. Khosi likayamba kuwawa mimba isanatope, tsitsani mutu nthawi yomweyo, chifukwa ndiye kuti ntchito yasamukira kumene siinayenera kupita.

Kodi zimathandizadi msana? Mu 2015 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zachipatala, linaunika zotsatira za kafukufuku 10 wokhudza anthu 510 odwala msana wam'munsi. Linapeza kuti amene ankachita Pilates ululu unachepa ndipo ankatha kugwira bwino ntchito zawo kuposa amene sankachita chilichonse kapena amene anangopatsidwa malangizo ochepa. Koma silinapeze umboni wogwira mtima woti Pilates imaposa masewera ena olimbitsa thupi, ndipo linanena kuti kafukufukuyo sanali wamphamvu kwenikweni. Ine monga mphunzitsi ndimazilandira zimenezi ndi manja awiri, chifukwa zikugwirizana ndi zimene ndimaona. Msana wouma ndi mpando umafuna kuyenda ndi kulimba. Reformer ndi njira imodzi yabwino youpatsa zimenezo, makamaka kwa munthu amene amaopa kuwerama chifukwa cha ululu, pakuti amayamba atagona, ali wotetezeka, mantha n'kumachepa. Koma ola limodzi pa makina silingafafanize maola 8 okhala osadzuka. Kuntchitoko muzidzuka pakapita mphindi 30 kapena 40, muyendeko pang'ono, mudziwongole. Zimenezi zokha zimasintha masana a anthu ambiri.

Musanakalembetse, dzifunseni mafunso awa moona mtima. Kodi ululuwo umatsikira kumwendo mpaka kuphazi? Kodi mwendo ukufooka, kapena phazi likukwekwereza poyenda? Kodi pali dzanzi pakati pa miyendo, kapena mukuvutika kukodza, kapena kugwira mkodzo ndi chimbudzi? Ngati yankho ndi inde pa funso lililonse mwa amenewa, yambani mwaonana ndi dokotala. Ngati ndi dzanzi la pakati pa miyendo kapena vuto la mkodzo kapena chimbudzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira mawa, chifukwa kungakhale kupanikizika kwa mitsempha ya kumapeto kwa msana. Chimodzimodzinso ngati msana ukuwawa pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku, kuwonda kosadziwika chifukwa chake, kapena unayamba mutagwa, kapena munadwalapo khansa. Matenda ngati TB amatha kugwira mafupa a msana, ndipo amenewo sachira ndi masipuling'i. Mmene mwafotokozera, wanu ukuoneka kuti ndi msana wotopa ndi kukhala, koma ine sindinakupimeni, ndipo kuonana ndi dokotala kapena katswiri wa fiziyo kamodzi musanayambe n'kwanzeru.

Pa msinkhu wanu pali chinanso choyenera kuchidziwa. Mayi akamayandikira nthawi yosiya kusamba, mafupa amayamba kutaya mphamvu mofulumirirapo. Kwa amene anapezeka ndi matenda ofooketsa mafupa a osteoporosis, masewera opinda msana kutsogolo mwamphamvu kapena kuupotokola atanyamula kanthu ndi oopsa, chifukwa fupa la msana lingathe kuphwanyika. Ndipo Pilates yakale ili ndi masewera ambiri opinda msana. Ena mwa iwo ndi short spine, pamene mapazi ali m'malamba, chiuno n'kunyamuka mpaka thupi litsamire pamapewa. Amakoma kuonera, ndipo ndi amene amadzadza m'mavidiyo, koma si a munthu wa mafupa ofooka, wa vuto la khosi, wa BP yokwera imene siinakhazikike, kapena wa matenda a maso a glaucoma. Amayi oyembekezera amatha kuchita reformer dokotala akavomereza, koma miyezi yoyambirira ikadutsa sayenera kugona chagada nthawi yaitali. Amene angobereka kumene, makamaka mwa opaleshoni, kapena amene minofu ya pamimba inapatukana pakati, amayamba ndi zofewa kwambiri. Zonsezi mphunzitsi wabwino amadziwa kuzisintha, koma sangasinthe chimene simunamuuze.

Nayi nkhani ya mimba. Mafuta sachoka pamalo amene mukuwagwiritsa ntchito. Mungalimbitse minofu ya pamimba mpaka kufika poti mwakhwima, mafuta a pamwamba pake akadalipo, chifukwa thupi limatenga mafuta paliponse pamene lafuna pamene mphamvu zimene mukuwotcha zaposa zimene mukudya. Kalasi wamba ya reformer siithamangitsa mtima kwambiri, choncho payokha siichepetsa thupi msanga. Chimene ambiri amaona pakapita miyezi ingapo n'chakuti akuima mowongoka, nthiti ndi chiuno zakhala pamalo pake, mimba siikulendewera kutsogolo ngati kale, ndipo zovala zikukhala bwino ngakhale sikelo siinasinthe kwambiri. Kumeneko ndi kusintha kwenikweni, koma si kuchoka kwa mafuta. Zotsatsa zina zimalonjezanso kuti minofu idzatalika. Mnofu unamera pafupa ili n'kukathera pafupa ilo; umatha kufewa ndi kulimba, koma miyendo yanu sidzatalika.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, limati munthu wamkulu azichita masewera othamangitsa mtima pang'ono, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, ndiponso masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Reformer imalowa bwino m'gawo lachiwirili. Gawo loyambalo muyenera kulipezabe kwina: kuyenda, kupalasa njinga, kusambira, kuvina. Pali kathabwa kena kamene amakamangirira kumapazi kwa reformer kuti munthu azidumpha atagona, ndipo kamathamangitsadi mtima, koma kameneko kadikire mpaka mutazolowera. Ngati cholinga ndi kuphwetsa mimba, kuyenda tsiku ndi tsiku ndi kadyedwe ndi zimene zidzagwire ntchito yaikulu.

Chofunika kuposa mtundu wa makina ndi munthu amene waima pambali panu. Mu 2000 khoti lina la ku New York linagamula kuti dzina loti Pilates si la kampani iliyonse, ndi dzina chabe la mtundu wa masewera. Zimenezi zinathandiza kuti masewerawa afalikire, koma zikutanthauzanso kuti aliyense angathe kulemba dzinali pachitseko. Pali aphunzitsi amene anaphunzira maola mazana angapo, kuphatikizapo kaumbidwe ka thupi ndi kuphunzitsa moyang'aniridwa, ndipo pali ena amene anangochita maphunziro a masiku awiri. Kufunsa si chipongwe: munaphunzira kuti, kwa nthawi yaitali bwanji, munagwirapo ntchito ndi anthu odwala msana? Koma chizindikiro chachikulu mudzachiona nokha. Mphunzitsi wabwino amayamba ndi kukufunsani za thupi lanu musanakwere pathabwa. Amakuonetsani masipuling'i ndi mmene amakolekera. Amayendayenda pakati pa ophunzira, amapempha chilolezo asanakugwireni, ndipo mukati "apa pakuwawa" amasintha masewerawo, sanena kuti limbikirani. Zimandipweteka mtima ndikaona woyamba kumene ataponyedwa m'kalasi ya anthu ambirimbiri, nyimbo zili pamwamba, mphunzitsi akufuula ali kutsogolo, munthu wosadziwa n'komwe kuti sipuling'i yake ndi iti. Ngati n'kotheka, kalasi yoyamba kapena ziwiri zikhale za inu nokha ndi mphunzitsi, kenako mulowe kagulu kakang'ono ka oyamba kumene.

Dziwaninso kuti si makina onse a thabwa loyenda amene ali Pilates. Pali njira ina yotchedwa Lagree, imene anayambitsa Sebastien Lagree, ya makina otchedwa Megaformer. Imafanana maonekedwe koma cholinga chake ndi kutopetsa minofu mwamphamvu. Ili ndi anthu ake amene amaikonda, koma si poyambira pa msana wouma.

Ngozi zambiri pa reformer zimachitika pokwera, potsika ndi poimirira. Thabwa likakhala ndi sipuling'i imodzi yofewa, kapena likakhala lopanda sipuling'i, limathawa mukangoliponda. Pa masewera oimirira, phazi loyamba liziponda mbali yosayenda ya makina, lachiwiri ndiye liponde thabwa. Potsika, la pathabwa ndi limene limayamba kuchoka. Masipuling'i muziwasintha thabwa litabwerera n'kuima, zala zili kutali ndi pokolekera. Malamba musamawasiye mwadzidzidzi zingwe zili zokungika. Valani zovala zogwira thupi pang'ono kuti mphunzitsi aone mawondo ndi chiuno, zopanda zipi kapena mabatani ong'amba siponji, mangani tsitsi kuti lisakodwe m'timawilo, ndipo masitudiyo ambiri amafuna masokosi okhala ndi timadontho ta labala kunsi kuti musaterereke.

Kawiri pa sabata n'kokwanira poyamba, ndipo ndingakulangizeni kuti mupitirize miyezi iwiri kapena itatu musanagamule ngati zikukuthandizani. Makalasi oyambirira amasokoneza mutu kuposa thupi: phazi apa, mpweya apo, sipuling'i iyi. N'zachibadwa, zimazolowereka. Tsiku lotsatira, kapena lachiwiri lake, mudzamva kuphwanya m'nthiti, m'kati mwa ntchafu ndi m'matako, malo amene simunkadziwa kuti ali ndi minofu. Kuphwanya kotero kumatha pakapita masiku awiri kapena atatu. Kunjenjemera kwa miyendo mukamachita si vuto. Koma ululu wobaya, wolasa ngati magetsi kutsikira kumwendo, dzanzi, chizungulire, kapena msana wowawa kuposa kale kwa masiku angapo, zimenezo si zopirira. Imani, muuzeni mphunzitsi, ndipo zikapitirira kaonaneni ndi dokotala.

Makalasi a reformer amakhala okwera mtengo kuposa a pamphasa, chifukwa makinawo ndi odula ndipo aliyense amafuna ake. Ena akaona choncho amathamangira kugula makina otchipa a kunyumba n'kumaphunzira ndi mavidiyo. Sindingakulimbikitseni kutero musanaphunzire ndi munthu, pakuti vidiyo siingaone bondo lanu likugwera m'kati. Mukadzafika pogula, yang'anani kuti chimango sichikugwedera, thabwa likuyenda mosalala, kutalika kwake kukukukwanani, ndipo masipuling'i ndi zingwe zosinthira zikupezeka, chifukwa zimatha ndipo sipuling'i yodzimbirira kapena yopindika imatha kuduka ili yokungika. Ana asamaseweretse makinawo. Ngati ndalama zikulola kalasi imodzi yokha pa sabata, tengani imodziyo, ndipo mupemphe mphunzitsi akupatseni masewera anayi kapena asanu a pamphasa oti muzichita kunyumba kwa mphindi 15 masiku enawo.